Hilux inaphunzila liti kuthamanga?

Pa Ciwelu capita n'nali kuyembekezela motoka ya mnzanga pa kawashi ina ku Kabwata, ndipo anyamata atatu otsuka mamotoka anali kukangana, foni ili pakati pawo. Anali kutamba vidiyo ya ma Hilux awili, yakale na yatsopano, akupikisana pa msewu wowongoka. Pamene yatsopano inali kufika kumapeto, yakale inali ikali kufunafuna giya yacitatu. Awili anaseka mpaka kugwetsa nsanza zopukutila. Wacitatu, wokulilapo pang'ono, anangoti: "Sekani cabe. Tsiku limene yatsopanoyo idzafela m'thengo, ni yakaleyo idzabwela kudzaikoka."

Ine sin'naseke, cifukwa n'nakulila kumbuyo kwa Hilux yakaleyo. Amalume anga ku Petauke ali na ya dizilo, 2.8, yokoka na mawilo onse anayi, imene amakanika amaichula na nambala yake, LN106. Caka cimene n'nagula foni yanga yoyamba yokhala na wochi yopimila masekondi, n'nawapempha kuti tiyese. Msewu unali wosalala, kumbuyo kulibe thumba olo limodzi. Amalume anaponda mafuta mpaka pansi, utsi wakuda unatsala m'mbuyo, ine maso pa foni. Masekondi 20 anakwana singano isanafike pa 100. N'naleka kuwelenga. Amalume anandiyang'ana n'kuti, "Mphwanga, iyi motoka sanaipangile kuthawa apolisi. Ifika."

Hilux ya 2.8 imene ikugulitsidwa lelo imacoka pa zilo kufika pa makilomita 100 pa ola m'masekondi 10 kapena 11. Pakati pa iyo na ya amalume pali masekondi opitilila 10. Kuti masekondi amenewo apezeke panapita zaka zambili, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 Toyota sinali kuwafuna n'komwe.

Pali manambala awili amene tidzayenda nawo, conco tiyeni tigwilizane. Yoyamba ni hosipawa, imene imakuuzani kuculuka kwa nchito imene injini ingagwile pa sekondi iliyonse; ndiyo imalamula liwilo lapamwamba na nthawi yofikila pa 100. Yaciwili ni torque, mphamvu imene injini imapotola nayo shafti, ndipo amaipima mu Nm. Torque ndiyo mumaimva kumsana motoka ikanyamuka na matumba a cimanga pa citunda. Ng'ombe yokoka ngolo ili na torque yambili koma siithamanga. Honda ya kabaza imathamanga, koma imangilileni ngolo muone.

Hilux yoyamba inatuluka ku Japan mu March 1968. Anaipanga ni a Hino, kampani yogwilizana na Toyota, pa fakitale yawo ku Hamura, kufupi na Tokyo. Dzina analitenga ku mawu awili a Cizungu otanthauza "pamwamba" na "ulemelelo", cinthu coseketsa ukaona mkati mwake: benchi imodzi, citsulo paliponse. Injini inali ya petulo, malita 1.5, yosafika hosipawa 80, ndipo inali kukoka na mawilo akumbuyo cabe. Koma motoka yonse inali kulemela tani imodzi na pang'ono. Mukagawa, mupeza hosipawa pafupifupi 70 pa tani iliyonse. Isungeni nambala iyi.

Caka comweco ca 1968 ndiye cimene paipi ya TAZAMA inayamba kubweletsa mafuta kucokela ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710. Isanamangidwe, kuyambila pamene Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu 1965, mafuta athu anali kubwela m'madilamu pa Great North Road, msewu umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run. Niichula paipi imeneyi tsopano cifukwa idzabwelanso kutsogolo kwa nkhani. Liwilo la motoka ya dizilo limadalila zimene zili mu thanki.

M'badwo waciwili unabwela mu 1972, wacitatu mu 1978. Mu 1979 munacitika zinthu ziwili zimene zinapanga Hilux imene ise tidziwa: inayamba kukoka na mawilo onse anayi, ndipo inalandila injini ya dizilo. Zonse ziwili zinaicedwetsa. Dizilo yoyamba ija, ya malita 2.2, inali na hosipawa za m'ma 60 kapena 70, zocepa kuposa za petulo. Ndiyeno onjezelani difu yakutsogolo, bokosi logawila mphamvu ku mawilo anayi, matayala aakulu, ndipo pambuyo pake zitseko zinayi na mpando wakumbuyo. Injini inali kukula mwaulesi: malita 2.4 m'zaka za m'ma 1980, malita 2.8 mu 1988 pamene m'badwo wacisanu unatuluka, malita 3.0 mu 1997 pa m'badwo wacisanu na cimodzi. Amakanika amazichula 2L, 3L na 5L. Ya amalume ni 3L: hosipawa pafupifupi 90, torque yosafika 190 Nm, m'motoka yolemela kupitilila tani imodzi na hafu. Gawaninso. Mupeza hosipawa za m'ma 50 pa tani. Kutanthauza kuti pa msewu wowongoka, popanda katundu, kavaneti ka 1968 kakanaisiya Hilux ya dizilo ya zaka za m'ma 1990. Zaka zoposa 20 za "citukuko", motoka n'kubwelela m'mbuyo pa liwilo.

Kuno kwathu zinali kuipilapo. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kucokela pa nyanja ya mcele, ndipo mpweya wa pamtunda ni wopepuka. Injini yopanda turbo imakoka mpweya na mphamvu zake zokha, conco imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwela. Hosipawa 90 zolembedwa m'buku ku Japan zimatsala pafupifupi 80 mu Cairo Road. Wina akakuuzani kuti Hilux yake yakale inali kukoka bwino ku Chirundu kapena ku Luangwa kuposa mu tauni, sakunama. Kumeneko ni kucigwa.

Nanga n'cifukwa ciani anthu anali kugula motoka yocedwa conco? Yankho langa ni lakuti wogula sanali woyendetsa. Ma Hilux a nthawi imeneyo anali kugulidwa na boma, migodi, mamishoni, mabungwe othandiza anthu, na alimi a mafamu aakulu. Bwana wosaina cheke sanali kufunsa za masekondi. Anali kufunsa kuti idzamwa mafuta angati, idzakhala zaka zingati, ndipo ikafa ku Chama kapena ku Kalabo adzaikonza ndani. Kumbukilani kuti mtengo wa kopa utagwa mu 1975, dziko linakhala zaka zambili lilibe ndalama zakunja zokwanila, ndipo masipeya anali kusowa monga mmene sopo na mafuta ophikila zinali kusowela. M'nyengo yotelo, injini yopanda kompyuta, yokhala na pampu imene munthu angamasule na sipanala pansi pa mtengo wa mango, inali cuma. Injini imene siifinyidwa kwambili imakhalitsa. Kucedwa kuja kunali mbali ya mtengo wa moyo wautali.

Mbili yonse imene Hilux ili nayo padziko inapangidwa m'zaka zocedwa zimenezi. Mu 1987 asilikali a Chad anathamangitsa asilikali a Libya kumpoto kwa dziko lawo atakwela mavaneti a Toyota, ma Hilux na ma Land Cruiser, atamangilila mizinga kumbuyo. Pa nkhondo ya ku Fada, mu January caka cimeneco, akasinja a Gaddafi analephela kutembenuka mwamsanga kuti alimbane nawo, ndipo mpaka lelo nkhondoyo imachedwa Toyota War. Mu 2003 pulogilamu ya ku Britain ya Top Gear inatenga Hilux ya dizilo ya 1988 n'kuyesa kuipha. Anaitsitsa pa masitepe, anaisiya kuti nyanja iimize, anaigwetsela kalavani, anaitentha na moto, ndipo pothela anaiika pamwamba pa nyumba yosanja ku London n'kuphulitsa nyumbayo. Makanika anabwela na zitsulo wamba, popanda sipeya yatsopano, ndipo injini inalila. Palibe amene anafunsa kuti imafika pa 100 m'masekondi angati.

Ambili a ise tinalawa turbo ya dizilo koyamba kupitila m'khomo lakumbuyo. Malonda atamasulidwa pambuyo pa masankho a 1991, mamotoka akale a ku Japan anayamba kusefukila kuno, ndipo pakati pawo panali Hilux Surf, mbale wa Hilux wokhala na denga mpaka kumbuyo. Zambili zinali na injini za turbo, ndipo yochuka kwambili inali ya malita 3.0 yochedwa KZ-TE, imene pambuyo pake inaikidwanso mu Hilux yeniyeni ya m'badwo wacisanu na cimodzi. Turbo ni kacipupizila kozungulitsidwa na utsi wotuluka mu injini, ndipo kamakankhila mpweya wambili mkati. Mpweya ukaculuka mungathile dizilo wambili, ndipo mphamvu imakwela. Cina n'cakuti turbo imabwezela mphamvu zambili zimene mpweya wopepuka wa pamtunda unali kuba. KZ-TE inali na hosipawa zoposa 110 na torque ya pafupifupi 300 Nm. Kwa munthu wozolowela 3L, kunali ngati wasintha dziko. Koma amakanika anaphunzilanso phunzilo latsopano: injini iyi mukailola kutentha kwambili, hedi imang'ambika, ndipo hedi si yochipa. Ici cinali cizindikilo coyamba cakuti masekondi adzakhala na mtengo wake.

Kusintha kwenikweni kunabwela mu 2004. Mu August caka cimeneco, ku Thailand kunatuluka m'badwo wacisanu na ciwili, umene kumeneko anaupatsa dzina lakuti Hilux Vigo. Dzinali linakakamila kuno mpaka lelo. Munthu sakamba kuti ali na Hilux ya 2008, amangoti ali na Vigo. Toyota inasamutsa nchito yopanga motokayi kucoka ku Japan kupita ku Thailand, Argentina na South Africa, kumene imapangidwa ku Prospecton, mu Durban. Pa chesisi imodzi anamangapo Hilux, Fortuner na Innova. Thupi linakula, mkati munayamba kuoneka ngati motoka ya banja, ndipo pa citseko panalembedwa zilembo izi: D-4D.

Zilembozi zimaimila njila yatsopano yothilila dizilo. Kale pampu inali kutumiza mafuta ku silinda iliyonse pa nthawi imene zitsulo zake zalamula. Mu njila yatsopano, imene imachedwa common rail, pampu imafinyila dizilo m'paipi imodzi pa mphamvu yoopsa, kupitilila ma bar 1,300, pamene tayala la motoka yanu lili na ma bar awili na pang'ono. Ndiyeno kompyuta imatsegula injekita iliyonse, kangapo pa kuphulika kumodzi. Dizilo amatuluka ngati nkhungu ndipo amapsa bwino. Ya malita 3.0, imene amakanika amati 1KD, inabwela na hosipawa 163 na torque ya 343 Nm. Nthawi yofikila pa 100 inagwa kucoka pa masekondi oposa 20 kufika pa 12 kapena kuposako pang'ono. Panalinso ya malita 2.5, imene poyamba inali na hosipawa 102 cabe, komanso ya petulo ya V6, malita 4.0, hosipawa pafupifupi 238, imene inali kuthamanga monga mmene inali kumwela. Pa mibadwo yonse ya Hilux, palibe umene unadumpha ngati uwu. Masekondi ambili mwa khumi aja anapezeka pa sitepe imodzi iyi.

Vigo inafika kuno pa nthawi yake. Mtengo wa kopa unali kukwela, mgodi wa Kansanshi ku Solwezi unayambanso nchito mu 2005, wa Lumwana unatsatila mu 2008, ndipo nkhongole zambili za dziko zinali zitangokhululukidwa. Kunabadwa mtundu watsopano wa wogula: kontilakita, sapulaya wa ku migodi, wabizinesi, phungu. Uyu anali kugula na ndalama zake ndipo anali kuyendetsa yekha. Pa Cisanu ali ku Solwezi, pa Sondo ali ku chalichi ku Woodlands na banja, motoka imodzimodzi. Munthu wotele amafunsa za masekondi, ndipo amayang'ana amene waima pambali pake pa maloboti. Zofananazo zinali kucitika ku Australia, South Africa na Thailand, ndipo makampani anamva. Nissan Navara ya 2005 inabwela na hosipawa zoposa 170. Ford Ranger ya 2011 inabwela na injini ya masilinda asanu, malita 3.2, hosipawa 200 na torque ya 470 Nm. Volkswagen inaika V6 ya dizilo mu Amarok mu 2016.

Toyota, mwa cizolowezi cake, inayankha mocedwa. M'badwo wacisanu na citatu, wa 2015, unabwela na mainjini aang'ono kuposa akale koma amphamvu kuposa: 2.8 ya hosipawa 177 na torque yofika 450 Nm, komanso 2.4 ya hosipawa 150 na torque yofika 400 Nm. Apa pali cinthu cimene anyamata a pa kawashi sangakondwe kumva. Hilux ya 2.4, yatsopano, yonyezimila, imafika pa 100 m'masekondi pafupifupi 13. Vigo ya 3.0 imene inaloledwa m'malo ingaisiye. Catsopano sicithamanga nthawi zonse kuposa cakale, cifukwa m'badwo ulionse umanenepa. Mu 2020 ndiye pamene 2.8 inakwezedwa kufika pa hosipawa 204 na torque ya 500 Nm pa ya otomatiki, ndipo masekondi anatsika kufika pa 10 na kadontho. Ya GR Sport ya ku South Africa inabwela na hosipawa 224 na 550 Nm. Ngakhale n'conco, Ford Ranger Raptor ya petulo, ya hosipawa pafupifupi 400, imaisiya kutali. Hilux sinakhalepo vaneti yothamanga kuposa zonse m'badwo ulionse, ndipo siioneka kuti zimaidetsa nkhawa.

Wina adzanikumbutsa za Dakar, mpikisano wa m'cipululu umene Hilux inapambana mu 2019, 2022 na 2023 na Nasser Al-Attiyah, komanso mu 2025 na Yazeed Al-Rajhi. N'zoona, ndipo zambili mwa motokazo zinapangidwila kufupi, ku Johannesburg. Koma zimene zimafanana na Hilux ya mu Great East Road ni dzina na maonekedwe a nkhope. Mkati ni mapaipi acitsulo owochelela, thupi lopepuka, na injini ya petulo ya V8 kapena V6 ya maturbo awili. Tiisiye.

Tiyeni tibwelele ku nambala imene n'nakupemphani kusunga. Mu 1968, hosipawa pafupifupi 70 pa tani. Ya amalume, za m'ma 50. Vigo ya 3.0, pafupifupi 90. Ya lelo, imene imalemela kupitilila matani awili, pafupifupi 97. Mphamvu ya injini yawilikiza pafupifupi katatu kucokela mu 1968, koma thupi nalo lawilikiza kawili, conco mbali yaikulu ya hosipawa zatsopano imathela kunyamula Hilux yeniyeniyo: zitseko zolimba, ma airbag, zoziziritsa mpweya, mipando yamagetsi, siikilini. Kumene kusintha kuli koonekelatu ni pa torque. Kucoka pa 190 kufika pa 500 Nm, ndipo yonse imapezeka injini ikali kuzungulila pansi, pafupifupi 1,600 pa mineti. Ndiye cifukwa cake Hilux ya lelo imakwela mapili a Munali na katundu ili mu giya yapamwamba, dalaivala dzanja limodzi lili pa windo, pamene ya amalume imafuna giya yaciwili na pemphelo.

Kukamba zoona, nambala ya zilo mpaka 100 ilibe nchito kwenikweni pa misewu yathu. Ndani amanyamuka conco, kupatulapo anyamata a usiku pa Ring Road? Nambala imene imasunga kapena kutaya moyo ni ya kucoka pa 70 kufika pa 110, pamene muli kumbuyo kwa thilaki pakati pa Kabwe na Kapiri Mposhi ndipo mwaganiza zoovateka. Tiyeni ticite masamu a pa pepala. Thilaki yokhala na ngolo yake ingatalike mamita 22. Onjezelani mpata wakumbuyo, mpata wakutsogolo, na utali wa motoka yanu, mupeza mamita pafupifupi 65 amene muyenela kuipitilila nawo. Ngati thilaki ili pa 70 ndipo imwe mwakwanitsa 90 cabe, mudzakhala ku mbali ya eni ake masekondi pafupifupi 12. M'masekondi amenewo mudzayenda mamita 300, ndipo basi yobwela pa 100 idzayenda mamita oposa 330. Mufunika msewu woyela wopitilila hafu ya kilomita, ndipo apa sitinawelengele nthawi imene injini yakale imatenga kuti ifike pa 90 pomwepo. Ngati motoka yanu ingafike pa 110 mwamsanga, nthawi ija imatsika kufika pa masekondi 6. Amene amati mphamvu ya injini ni yodzionetsela cabe sanakhalepo m'LN106 pambali pa thilaki ya kopa, magetsi a basi akukula kutsogolo, phazi lili pansi kale ndipo palibe cina cotsala coponda. Ine n'nakhalapo, ndipo pa nkhani iyi nili kumbali ya yatsopano.

Koma amalume sanali kuovateka kawilikawili. Anali kuidziwa motoka yawo, conco anali kukhala kumbuyo kwa thilaki makilomita 10, akuimba nyimbo za kwaya, mpaka msewu utatseguka kufika kumene maso alekela. Injini yofooka inali kuwaphunzitsa kuleza mtima mwacikakamizo. Dalaivala wa 500 Nm alibe mphunzitsi wotelo. Mpata ulionse umaoneka wokwanila, ndipo nthawi zambili umakwaniladi.

Cimene cimanidetsa nkhawa n'cakuti injini yathamanga kusiya zina zonse kumbuyo. Pansi pa Hilux ya lelo pakali chesisi ya makwelelo na masipuling'i a mapale kumbuyo, monga mu 1968, cifukwa ndiwo amanyamula tani ya katundu. Zambili zikali na mabuleki a dilamu kumbuyo. Motoka ni yaitali kupita m'mwamba, ndipo ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumapepuka, cinthu cimene aliyense woyendetsa vaneti amacidziwa pa mvula yoyamba ya November. Magazini ya ku Sweden yochedwa Teknikens Värld imayesa mamotoka mwa kuwakhotetsa mwadzidzidzi, ngati kuti nyama yadumphila mu msewu. Mu 2007 Hilux inanyamula mawilo n'kutsala pang'ono kugubuduzika. Mu 2016 m'badwo watsopano unacitanso cimodzimodzi pa liwilo la makilomita pafupifupi 60 pa ola, ndipo Toyota inasintha kompyuta yoletsa kutelela pa motoka za ku Europe. Mbuzi ya pa Great East Road siicenjeza kuposa nyama za ku Sweden. Ndipo masamu a kugunda ni ouma mtima: motoka ya matani 2.1 pa liwilo la 140 imanyamula mphamvu yowilikiza kawili na hafu poyelekeza na ya matani 1.6 pa liwilo la 100.

N'zoona kuti yatsopano ili na ABS, ma airbag na malamba abwino, ndipo munthu wokhala mkati ni wotetezeka kwambili kuposa mmene amalume analili. Koma kuno kwathu Hilux siinyamula a mkati okha. Pitani pa malilo alionse ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, pa kampeni, kapena m'mawa pamene omanga nyumba apita ku saiti, muwelenge anthu okhala kumbuyo. Kwa iwo palibe cimene casintha kucokela mu 1968 kupatulapo liwilo. Ine n'nakulila kumbuyo kumeneko, n'takhala pa thumba la nshawa, ndipo nikaganiza lelo niona kuti cimene cinali kutiteteza ni injini ya 3L imene inali kukana kupitilila 110 olo muinyengelele bwanji.

Mtengo wina wa masekondi uli mu thanki. Injekita ya common rail ili na tumabowo tocepa pafupifupi ngati tsitsi, ndipo m'mainjini a lelo dizilo amafinyidwa kupitilila ma bar 2,000. Kadontho ka madzi kapena kafumbi kamene 3L ikanameza osakhosomola kangawononge injekita zonse zinayi. Msuweni wanga anaphunzila izi na Vigo yake atagula dizilo wa m'cigubu m'mbali mwa msewu, usiku, thanki itauma. Ndalama zimene analipila pa mainjekita zikanagula injini yathunthu ya amalume ya kaunjika. Makanika wake wa ku Chawama, amene anali kukonza pampu zakale na khutu, anacita kuitana mnyamata wa laputopu. Kwa zaka zambili dizilo woyengedwa ku Indeni, ku Ndola, anali na sulufule wambili, pamene mainjini atsopano amafuna wa sulufule wocepa, amene anali kubwela na mathanki apamsewu ndipo anali wodula. Mu 2023 ndiye pamene paipi ya TAZAMA, ija ya 1968, inaleka kunyamula mafuta osayenga n'kuyamba kubweletsa dizilo woyengeka kale wa sulufule wocepa. Vigo inali itakhala kale pa misewu yathu zaka pafupifupi 18.

Toyota yeniyeniyo imadziwa kuti si onse angalipile mtengo umenewu. M'badwo wa 2015 utatuluka, mabungwe ogwila nchito kumadela akutali a mu Africa anapitiliza kugula Hilux ya thupi latsopano koma yokhala na injini yakale ya malita 3.0 yopanda turbo, 5L-E, ya hosipawa zosafika 100. Kunja ni ya 2016, mkati ni mdzukulu wa injini ya 1979. Mukaona Hilux yoyela ya bungwe ikuvutika pa citunda ngati yadwala, siinadwale. Wogula anasankha dala kutaya masekondi khumi aja kuti motoka ibwelele kucokela kumene yapita. Kumbali inayi, mu November 2025 Toyota inaonetsa m'badwo wacisanu na cinayi ku Thailand, ndipo pakati pake pali Hilux yoyendela magetsi okhaokha. Mota ya magetsi imapeleka torque yake yonse pa kuponda koyamba, ndipo siisamala za mpweya wa pamtunda. Ife amene tinakhala mumdima maola ambili pa tsiku mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tili na mafunso athu.

Ulendo wothela umene n'nayenda na amalume unali wocoka ku Lusaka kubwelela ku Petauke, titanyamula malata na matumba a feteleza. Pa mapili a Manenekela, tikukwawa mu giya yaciwili, Hilux yatsopano ya 2.8 inatipitilila itakoka ngolo, ngati kuti taima. Dalaivala analiza hutala kawili, mwaulemu. Tinamupeza pa Luangwa Bridge atatsiliza kale kudya, akulongedza nsomba zouma kumbuyo. Mwa kuwelenga kwanga anatisiya na mamineti 20. Anabwela kudzapeleka moni, anazungulila motoka ya amalume kamodzi, anagogoda pa boneti, n'kufunsa ngati aigulitsa. Anati afuna ya ku famu, kumene yake amaopa kuipeleka. Amalume anachula mtengo umene unamuseketsa, ndipo iye ananyamuka. Ise tinayembekezela kuti injini izizile, tinathila madzi mu ladiyeta, ndipo tinafika ku Petauke kutada.